A Kumagai Kuseri kwa Khoma

A Kumagai amakhala pa kreti ya mowa, pambali pa kanyumba kanga kogulitsiramo udoni (chakudya cha zingwezingwe za ufa wa tirigu mu msuzi), kuseri kwa khoma la bwalo la ku Urahama la besibolo, mpira womenya ndi chibonga. Chaka chino ndi chakhumi ndi chimodzi ali pamenepo. Kretiyo ndi yanga, koma m'kati mwa bwalomo ali ndi mipando yawoyawo iwiri, nambala 14 ndi 15, imene amailembetsa chaka ndi chaka osakhalapo. Achinyamata akamandifunsa kuti kodi agogo aja mutu ukuyenda bwino, ndimawauza kuti idyani udoni wanu usanazizire. Nkhani yake ndimaidziwa, ndipo mbali ina ya nkhaniyo inatuluka pakamwa panga pomwe.

Ine ndine Konno. Ndagulitsa pa geti lachitatu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo mpirawo sindiuonera, ndimangoumva. Khamu likabuula ndimawonjezera moto, chifukwa anthu oluza amatuluka msanga ndiponso amadya kwambiri. Kale ndinkawonjezera moto pafupifupi tsiku lililonse.

Timu yathu ndi Nkhanu za ku Urahama, ndipo nthawi imeneyo dzinalo linkatiyenera, chifukwa kutsogolo sitinkapita. M'ligi ya matimu asanu ndi imodzi tinakhala kumchira zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana. Bwalo lokwana anthu zikwi zisanu ndi zitatu munkalowa anthu mazana atatu, ndipo theka la iwowo ankabwera kudzawodzera padzuwa. Mbalame za kunyanja zinkatera pa kapinga masewero ali m'kati, popanda mpira woziopseza.

Mwa mazana atatuwo munali a Kumagai ndi akazi awo, a Fumiyo. Bamboyo anagwira ntchito yokonza makina zaka makumi anayi pa fakitale yoika nsomba m'zitini, munthu wowonda, wosalankhulalankhula, woyenda ndi pensulo pakhutu. Mayiyo anali wamfupi, koma mawu ake ankafika kudoko. Anagawana ntchito bwinobwino: mwamuna kulemba m'buku mpira uliwonse woponyedwa, mkazi kukalipa.

“Iwe, chibongacho wabwera nacho kudzaingitsa ntchentche?” ankatero a Fumiyo, womenya mpira akaphonya katatu. Ine ndinkamva ndili pa mphika wanga kunja kuno.

Masewero akatha ankabwera onse awiri.

“Mayi Konno, tipatseni mbale ziwiri za anthu oluza. Muikemo ndi dzira, tidzitonthoze.”

“Mazira atha, mwaluza kwambiri mwezi uno.”

“Funsani bambowa, alemba zonse. Mwina m'bukumo tikupambana.”

A Kumagai ankangomwetulira n'kumapemerera msuzi wawo.

Chaka china, mu Ogasiti, a Fumiyo anagonekedwa m'chipatala. Kwa nthawi yoyamba a Kumagai anajomba ku bwalo, masabata atatu athunthu, ali pambali pa bedi. Ndiye taonani zimene zinachitika: Nkhanu zinapambana masewero asanu ndi anayi otsatizana. Ifeyo sitinkadziwa n'komwe kuti munthu wopambana amayenda bwanji pobwerera kunyumba. Lamlungu lina mayiyo anawathamangitsa amuna awo kuchipatalako kuti akamuonere zodabwitsazo. Anabwera, anakhala pa 14, ndipo tinakwapulidwa 14 kwa 0. Lachiwiri sanabwere, tinapambana. Loweruka anabwera, tinaluza.

Loweruka limenelo anaima pa kanyumba kanga ali yekha, buku lili m'khwapa. Panalinso a Numata, mkulu wina wa dazi amene ankaliza lipenga la timu. Ine pakamwa panga palibe chitseko, ndinabadwa choncho.

“A Kumagai, ndiye kuti tsokali ndinu,” ndinatero. “Zaka zonsezi takhala tikutukwana kochi, pomwe mfiti ili phee pa mpando 14.”

A Numata anaseka mpaka kutsamwa. Nawo a Kumagai anaseka, ndipo anakaifotokoza nthabwalayo kuchipatala. Ndinamva kuti a Fumiyo anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona.

“Mayi Konno anena zoona,” anatero mayiyo kwa amuna awo. “Inu bambo muzikhala panja mpaka ana amenewa atenge chikho. Koma tsiku lotenga chikholo ine ndidzakhalemo, ndidzaone ndi maso angawa. Mudzaonetsetse zimenezo.”

Ankangocheza, ndikulumbira. Ndinkamudziwa mayi ameneyo. Koma anamwalira mu Novembala, ndipo mawu a munthu amene wapita satha kubwezedwa kuti anene kuti ndimaseka.

Mu Epulo, tsiku lotsegulira ligi, ndinawaona a Kumagai akubwera atavala malaya a timu, buku latsopano m'manja, kawailesi kakang'ono m'thumba. Anadutsa geti osalowa n'kudzaima pamaso panga.

“Mayi Konno, ndingabwerekeko kreti imodzi?”

“Ya chiyani?”

“Yokhalira.”

Ndinawakalipira, ndithu. Ndinawauza kuti zinali nthabwala za pa udoni, kuti munthu wamkulu wopita kusukulu sangamvere zoyankhula za mayi wowiritsa mazira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatsegula buku la chaka chatha kumapeto, pamene analemba mizere iwiri: masewero amene iwo anaonera ndi amene anajomba.

“Ndagwira makina zaka makumi anayi,” anatero. “Ukachotsa kachitsulo kamodzi makina n'kuyamba kuyenda, sukabwezeramonso kachitsuloko kuti uone ngati unalakwitsa.”

Ndinawapatsa kreti. Ndinkati pofika Juni atopa.

Zaka khumi zimenezo a Kumagai amazidziwa ngati mmene ine ndimadziwira mphika wanga, ngakhale sanaone mpira ndi umodzi womwe. Mvula ikaimitsa masewero amandiwerengera za m'mabuku awo, kaya ndafunsa kaya sindinafunse. Chaka choyamba kunabwera kochi watsopano, munthu wouma mtima amene ankathamangitsa osewera pamchenga ndi kuwasesetsa bwalo akaluza, ndipo tinamaliza pa nambala 5. Tinasangalala ngati tabadwitsa mwana. Chaka chachiwiri pa 5 pomwepo. Chachitatu tinagwanso kumchira, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa.

“Mwaonatu? Aluza inu muli panja. Nyamukani, kalowemoni.”

Anaweramitsa mutu. “Chaka chino ndinasuzumira pa mpata wa geti kawiri,” anatero.

Kuyambira tsiku limenelo anasuntha kreti n'kumakhala chofulatira khoma, nkhope kuloza koimika magalimoto.

Chaka chachisanu kunabwera Isozaki, mwana wa msodzi wa konkuno, woponya ndi dzanja lamanzere, ndipo tinakwera kufika pa 3. A Kumagai amati amamudziwa Isozaki ndi khutu, chifukwa mpira wake ukalowa m'chikopa chimene wowakha amavala kudzanja umalira mosiyana ndi wa ena. Nkhope yake anangoiona m'nyuzipepala. Chaka chachisanu ndi chimodzi bwalo analiika denga n'kulipenta lofiira, matikiti anayamba kukhala m'mafoni, ndipo kunadzaza achinyamata ovala zikhadabo za nkhanu za siponji m'manja, oyimba nyimbo zimene ife sitinkazidziwa. Ndisaname, malonda anga anayenda. Koma mwa anthu zikwi zisanu ndi zitatuzo munalibe amene anamvapo a Fumiyo akukalipa.

Aja mazana atatu ankatha pang'onopang'ono. A Numata anamwalira chaka chachisanu ndi chiwiri, ndipo m'malo mwa lipenga lawo anaika zokuzira mawu. Ena anapita kukakhala ndi ana awo kumizinda ikuluikulu. Mwana wa a Kumagai, amene ali ku Osaka, amaimba foni pa Chaka Chatsopano, ndipo kamodzi anawauza kuti asamukire komweko. Anakana. Atandiuza ndinawafunsa chifukwa.

“Ndikapita kutali kwambiri sindidziwa chimene chingachitike,” anatero. “Pano m'pamene zikuyenda.”

A ku ofesi ya timu anatumiza mtsikana wina kudzawapempha mwaulemu kuti mipando iwiri ija aipereke kwa ena, poti anthu ankadandaula kuiona ili yopanda munthu bwalo litadzaza. Mtsikanayo anawerama. A Kumagai anaimirira pa kreti paja n'kuwerama kuposa iyeyo. Mtsikanayo anaweramanso. Anapitiriza choncho mpaka mwana wa eni anabwerera wopanda yankho.

Chimene chinkandipweteka ine si kuzizira kumene ankazizidwa, ngakhale mphepo ya mu Epulo kuno imaluma. Chinali chakuti khamu likafuula m'katimo, iwo analibe womuyang'ana. Munthu ukasangalala umafuna kugunda phewa la mnzako. Iwo ankangokankhira kawailesi kukhutu, kulemba kachizindikiro kawo m'buku, n'kuyang'ana magalimoto. Masewero akatha achinyamata aja ankawadutsa akuyimba, ena kuwaponda phazi osapepesa. Tsiku lina tapambana bwino, anabwera pa kauntala n'kunena kuti, “Tipatseni ziwiri.” Ndinaika mbale ziwiri, ndipo anadya zonse, pang'onopang'ono, kuti ndisaone kuti analakwitsa.

Chaka chachisanu ndi chitatu tinamaliza pa 2. Chachisanu ndi chinayi pa 2 pomwepo, kutsala masewero amodzi okha. Ndiye kunabwera chaka chatha, chakhumi, mu Okutobala: masewero omaliza, Lamlungu 1 koloko masana, ife ndi timu ya kumapiri. Wopambana atenga chikho.

A Kumagai anafika 9 koloko m'mawa ndisanayatse n'komwe moto. Anavala suti yakuda, ndipo ananyamula kanthu kokulunga m'nsalu yofiirira. Ndinadziwa chimene chinali. Kuno timu ikatsala pang'ono kutenga chikho, anthu amatsitsa zithunzi za omwalira awo pa kaguwa ka m'nyumba n'kupita nazo ku bwalo, kuti amene anadikira osaona aone nawo. Anamasula nsaluyo pa kauntala. Anali a Fumiyo, m'felemu yakuda, pakamwa atatsegula pang'ono ngati akufuna kutukwana wojambula.

“Lero ndiye mulowa,” ndinatero.

“Sindingathe.”

“A Kumagai, zaka khumi zakwana. Mayiwa munawalonjeza.”

“Ndinawalonjeza ziwiri, Mayi Konno. Ine panja, iwo m'kati. Ndikalowa nawo n'kuluza, ndiye kuti ndawatengera kukaona chiyani?”

Anatulutsa matikiti awiri a pepala, amene ofesi imawasindikizira iwo okha, n'kuwaika pambali pa chithunzicho. Kenako anawerama, mutu mpaka kutsala pang'ono kugunda kauntala, n'kukhala choncho.

“Mungowagwira kuti ayang'ane ku bwalo,” anatero ali chiweramire. “Makamaka pomaliza penipeni. Zinazo aziona okha.”

Ndinafuna kuwauza kuti tsiku ngati limeneli ndimagulitsa za mwezi wathunthu. Ndinafuna kuwauza kuti ndinu chitsiru cha munthu. Koma amene anayamba kunena za mfiti ya pa mpando 14 ndinali ine. Ndinagulitsa mpaka hafu pasiti thwelofu, ndinazimitsa gasi, ndipo ndinalowa ndi epuloni yomwe, poti kuvula ndinaiwala.

Ndinakhala pa 14, a Fumiyo ndinawaimika pamiyendo panga, nkhope ku bwalo. Mpando 15 ndinaikapo nsalu ija. Zithunzi zinalipo zambiri ndithu, apa ndi apo pakati pa zikhadabo za siponji. Mizere itatu kutsogolo kwanga, mayi wina ananyamula chithunzi cha munthu wa dazi, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndi a Numata. Ndinawatembenuza a Fumiyo pang'ono kuti apatsane moni.

Za masewerowo sindinena zambiri, pakuti ndi maso sindiwadziwa bwino. Manja anandiwawa, koma chithunzicho sindinachitsitse. Anyamata a kutsogolo akaimirira, inenso ndinkaimirira n'kuchikweza pamwamba pa mutu. Mmodzi ananditchinga kwambiri ndipo ndinamukoka malaya.

“Khala pansi iwe, pali akuluakulu akuonera kumbuyo kuno.”

Anacheuka, anaona felemu yakuda, anavula chipewa n'kukhala.

Pofika chigawo chachisanu ndi chinayi, chomaliza, tinali patsogolo 3 kwa 2. Isozaki anali atatopa, ngakhale ine ndinkaona. Anatulutsa omenya awiri mwa atatu ofunika, koma a kumapiri anaika othamanga pa ngodya zonse zitatu za bwalo, okonzeka kugoletsa. Panatsala mmodzi. Akatuluka ameneyo, chikho n'chathu. Akaumenya bwino, zaka khumi zapita m'madzi. Bwalo lonse linangoti zii, mpaka ndinamva mbalame za kunyanja.

Anaumenya. Ndinamva kulira kwa chibonga, kulira kumene kunja kuja kumandiuza kuti ndiwonjezere moto. Mpira unakwera m'mwamba n'kumabwera mbali yathu, ndipo mnyamata wathu ankauthamangira chobwerera m'mbuyo, kulunjika kumpanda. Ndinatsinzina, ndipo manja anga anachita zimene manja amachita munthu akaopa: anakumbatira chimene ananyamula n'kuchikanikiza pachifuwa.

Nditatsegula maso bwalo linali likugwedezeka. Anthu ankalumpha, kulira, kukumbatirana ndi osawadziwa. Osewera anali ataunjikana pa Isozaki. Mayi wonyamula a Numata uja anali atawakweza m'mwamba, misozi ili mbwee. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditawatembenuza a Fumiyo, nkhope yawo ili pa epuloni yanga.

Ndinawatembenuza msangamsanga. Anaona kochi akuponyedwa m'mwamba, anaona chikho, anaona mapepala ofiira akugwa. Koma mpira uja ukulowa m'chikopa sanauone, ndipo inenso sindinauone. Ndinachita kumufunsa mnyamata ndinamukoka malaya uja, amene anandiuza kuti anauwakha msana utagunda kale mpanda.

Nditatuluka ndinapeza kreti ili yokha. Kawailesi kanali pamwamba pake, kakulankhulabe. Woyang'anira magalimoto anandiuza kuti agogo aja ananyamuka ngodya zitatu zija zitadzaza, n'kuyenda mofulumira kulowera kudoko. Ankadzichotsa, kuti atalikire nalo tsoka lawo.

Ndinakawapeza kumapeto kwa khoma la doko, atakhala pa chitsulo chomangirira maboti, buku lili pamaondo. Maboti onse ankaliza mahutala, ndiye zotsatira anali atazidziwa kale. Ataniona anaimirira n'kukonza tayi.

“Aona?” anafunsa.

“Aona zonse,” ndinatero.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinanama, ndipo ndinanama mosaphethira, ine amene ndimadzitama kuti sindibisa mawu.

“Mpira womaliza uja unathera kuti?”

“Kumanzere, pampanda penipeni. Anauwakha msana utagunda.”

Anachotsa pensulo pakhutu n'kulemba m'kabokosi komaliza. Analemba kawiri pamalo amodzi kuti zioneke. Atatseka buku anatambasula manja onse awiri, ndipo ndinawapatsa akazi awo.

Anawayang'ana nthawi yaitali. Inenso ndinayang'ana, ndipo m'pamene ndinaona. Pa galasi, pa nkhope penipeni, panali chibanga cha mafuta a msuzi, chachikulu ngati chikhatho, mizere ya nsalu ikuonekera bwinobwino. A Kumagai anakweza maso n'kuyang'ana epuloni yanga. Sanayang'ane nkhope yanga ayi, epuloni yokha. Munthu wa makina saona banga osadziwa chimene chakhudza.

Anatulutsa kampango m'thumba la suti, anauzira mpweya pagalasipo, n'kupukuta pang'onopang'ono, kuyambira pakati mpaka m'makona. Kenako anakulunga chithunzicho m'nsalu yake n'kumanga mfundo.

“Zikomo kwambiri, Mayi Konno,” anatero akuwerama. “Mwavutika nafe.”

Ndinayesa kulankhula zina. Ndinati tsopano chikho chabwera, lonjezo latha, mu Epulo mukakhale pa mpando wanu ngati munthu, mukamuone Isozaki ndi maso asanapite ku matimu akuluakulu. Ndinalankhula zambiri, monga ndimachitira ndikachita manyazi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Anawa ndi abwino,” anatero. “Mwina chaka chamawa adzatenganso.”

Anapita kukakwera basi yawo, mtolo uli pachifuwa, akupatukira achinyamata oyimba m'njira.

Nyengo yonse yozizira ndinakhala ndikukonza mawu oti ndikawauze zoona, ndikawapepese. Kunyumba kwawo ndinafikako kawiri, ulendo wina mpaka pachipata, ndikuona nsapato za munthu mmodzi pakhomo, n'kubwerera. Ndikawauza chiyani chimene sakuchidziwa?

Mu Epulo muno, tsiku lotsegulira ligi, bwalo linadzaza kusanakwane 11 koloko. Mipando 14 ndi 15 inalibe munthu. A Kumagai anafika ndi buku latsopano, lakhumi ndi chimodzi, kawailesi kali m'thumba. Awonda chaka chino, ndipo ayamba kuyenda ndi ndodo. Anandipatsa moni, ine ndinawapatsa moni, ndipo sanachite kupempha. Kreti ndinali nditaitulutsa kale, nditaikapo kapilo.

Anaitembenuza kuti ifulatire khoma, anakhala, n'kuyamba kusongola pensulo.